Bambo a Nathan

"Mwabwerezanso!" anakuwa Harrison Longwe, simbi ya makala ili m'manja, jekete lake la Lamulungu lili pamphasa. "Ndanena kuti dzina limenelo lipume kaye. Kodi ndikulankhula Chigiriki?"

"Chigirikicho mukaphunzira komwe mukupitako," anayankha mkazi wake Gertrude, amene mudzi wonse wa Kande umamutcha NyaManda. Anali pakhomo akusenda chinangwa choti akaviike, khanda lawo Linda lili kumsana. "Pano ndinu bambo a Temwani. Tsiku lomwe munabwera kwathu ndi nsapato zobwereka kudzandifunsira, mwanayo akukwawa pamapazi anu, munanena nokha kuti, 'Uyu ndiye adzandipatse dzina.' Lero dzinalo lanunkha?"

"Silinanunkhe ayi. Likungopita kutchuthi."

"Kutchuthi! Ambuye ndithandizeni. Dzina limapita kutchuthi ngati mphunzitsi?"

Kwathu kuno munthu ukabereka, dzina lako limatha ntchito. Umatchedwa ndi mwana wako woyamba, ndipo ukapita kumaliro, kumsika kapena kugombe, anthu amakuitana ndi mwanayo. Harrison anali bambo a Temwani chikwatirire. Temwani anali mwana womupeza, koma ndani ankakumbukira zimenezo? Ngakhale mwanayo sankadziwa. Nathan anabadwa pambuyo pake, kenako Linda, dzina lili lomwelo.

Tsono Harrison anali atatsala pang'ono kulowa sukulu ya ubusa. Mayeso olemba anakhoza, ndipo chatsala chinali chimodzi: m'busa wochokera kusukuluko abwere adzamve ulaliki wake, adzaonenso banja lake. Chimvereni zimenezi, mwamunayu sankaponda pansi. Ankasita jekete losita kale. Ankalalikira chinangwa m'munda mpaka mbuzi za eni kuima n'kumamuyang'ana.

"Tamvera, NyaManda," anatero akutsitsa mawu, simbi ataiika pamwala. "Si ine ndaganiza izi. Ndi a Mhone."

"Ndimadziwa ine. Fungo lake ndi la a Mhone."

"A Henderson Mhone ndi mkulu wa mpingo kuyambira tisanabadwe. Akuti mlendoyo akamva 'bambo a Temwani', adzafunsa kuti Temwaniyo ndi uti. Akaona msinkhu wake, adzafunsa kuti ukwati unadalitsidwa liti. Kenako adzayang'ana iwe. Mayi busa wobwera ndi mwana wa kwina, akuti kusukuluko sizimveka bwino."

"Zinalembedwa pati zimenezo?"

"A Mhone amadziwa zinthu."

"A Mhone amadziwa kugona nthawi ya ulaliki n'kudzuka pa ameni."

"Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mkazi wanga. Ndiponso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Temwani akakhale kwa mlongo wanga Priscilla kutsidya kwa msewu, ine ndikhale bambo a Nathan, mlendo adye, apite, basi. Wafa ndani?"

Gertrude anaponya chinangwa m'beseni, madzi n'kuthovukira pajekete. Harrison anadumpha ngati waponda moto.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero mayiyo. "Mukufuna nyumba yowala kunja. Chabwino. Koma mwanayo mumuuze nokha. Pakamwa panga sipatuluka mawu amenewo."

Apa mpomwe Harrison anaonetsa kuti mphatso ya kulankhula anali nayodi, ngakhale kuti anaigwiritsa ntchito posayenera. Anaitana ana ake pansi pa mtengo wa mango, anawakhazika pamuzu, iye n'kuimirira ngati ali paguwa.

"Abale okondedwa," anayamba, ana n'kuphulika kuseka. "Lero tikuyamba masewero aakulu, oti Kande sanawaonepo. Masewero a mayina! Kuyambira pano ine ndine bambo a Nathan. Aliyense wonditchula dzina lakale waluza. Iwe Temwani, popeza ndiwe wamkulu ndiponso wanzeru, gawo lako ndi lovuta koposa. Ukakhala kwa azakhali ako ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ukandiona uzindipatsa moni ngati mwana wa eni. Ukapanda kulakwitsa mpaka mlendo wathu apite, botolo la fanta ndi lako wekha."

"Ndekha? Osagawira Nathan?"

"Ngakhale dontho."

Temwani anali atangogweluka mano akutsogolo, ndipo akaseka nkhama zonse zinkaonekera. Anavina mozungulira mtengowo, anathamangira m'nyumba, anamanga madiresi ake awiri m'chitenje n'kusenza pamutu. Podutsa pamene panali bambo ake anagwada mwaulemu wonyanyira, manja pamodzi, maso pansi.

"Yewo, bambo a Nathan. Kunyumba ali bwanji?"

Harrison anaseka mpaka kugwira nthiti. "Wamuona? Wamuona, NyaManda? Mwana wanga ameneyu!"

"Wanu?" anafunsa Gertrude, osatukula mutu.

Kusintha dzina m'nyumba n'kosavuta. Ntchito inali m'mudzi. Harrison anayenda khomo ndi khomo ngati wandale, kupempha anthu kuti amutche mwatsopano. Atafika kugombe, anzake amene kale ankakoka nawo khoka la chilimira anasiya kusoka makoka n'kumuzungulira.

"Ada, ndiye kuti mwabadwanso mwatsopano musanafike n'komwe kusukuluko?"

"Ndi za kanthawi chabe, anyamata."

"Nanga ubusawo ukakanika, tidzakutchani bambo a Linda?"

"Ana akatha adzakhala bambo a mbuzi!" anakuwa wina ali m'bwato, gombe lonse n'kugwa ndi phwete.

Anthu anavomera, chifukwa ankamukonda, komanso chifukwa mudzi unali usanatulutsepo m'busa. Koma lilime ndi lilime. Amayi ogulitsa usipa ankalakwitsa. Wogaya chigayo ankalakwitsa. A Mhone eni akewo analakwitsa pamsonkhano wa akulu a mpingo, n'kutsokomola kuti abise. Zikanakanika zimenezi pakanapanda wapolisi mmodzi wopanda mano.

Temwani anatenga masewerowo ngati ntchito ya boma. Akamva munthu akuti "bambo a Tem...", ankatulukira ngati wachokera pansi, chala m'mwamba.

"Mwaluza! Ndi bambo a Nathan!"

Anagwira amayi a pamjigo. Anagwira mphunzitsi wake pakati pa phunziro la masamu. Anagwira kondakitala wa minibasi amene anangofunsa kuti bambo a Temwani akupita ku Chintheche kapena ayi. Anthu ankaseka, ankamupatsa chitumbuwa, n'kukonza lilime. Palibe munthu anafafaniza dzina la Temwani pa bambo ake mwakhama kuposa Temwani yemweyo, ndipo ine wofotokozane ndikafika pamenepa kuseka kumandithera pakhosi.

Nayenso Nathan anafufuma. Kamwana koti kabudula amavukabe yekha poyenda kanayamba kuyenda manja kumbuyo. Madzulo bambo ake akamayeserera ulaliki pabwalo, iko kankakhala pampando wa akulu a mpingo, womwe unali mtondo wovundikira, n'kumagwedeza mutu. Linda ankalira pomwe pafunika ameni. Temwani ankaonerera ali kutsidya kwa msewu, atakwera pachulu, ndipo bambo ake akakweza mawu iye ankawomba m'manja chapatali.

"Mwana uja dzulo wanena 'odi' pakhomo pano," anatero Gertrude tsiku lina m'mawa, akupatsa mwamuna wake tiyi.

"Ulemu umenewo."

"Pakhomo pa mayi ake, bambo a Temwani. Anaima panja kudikira kuti ndimuuze kuti alowe."

"Mwaluza!" anatero Harrison akumuloza ndi supuni, n'kuseka yekha.

"Sekani. Nkhuyu zodya akulu zimapota ana."

"Mwautembenuza mwambiwo."

"M'nyumba muno zonse zatembenuka, mwambi utsalirenji?"

Lamulungu la mlendo linafika. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kukhala m'mawindo. Amuna a kuno kwathu, mukuwadziwa, munthu angagone ndi njala koma osati kupita kutchalitchi opanda tayi, ndiye tsikulo mataye anatuluka a mitundu yonse. Mlendoyo anali abusa Kathumba, mkulu wonenepa wa kuchigawo chapakati, wolankhula Chichewa chosalala, ndipo thukuta la kunyanja kuno linali litawagonjetsa asanakhale n'komwe pansi.

Kwaya ya ana inaimba poyamba. Temwani anali pamzere wakutsogolo, ndipo mawu ake ankamveka pamwamba pa onse, ngakhale kuti zilembo zina zinkathawira pampata wa mano. Kenako Harrison anakwera paguwa. Analalikira za m'busa amene anasiya nkhosa zonse kukafuna imodzi yotayika, ndipo analalikiradi, tisamunamizire. Anayenda uku ndi uku, anasuzumira pansi pa gome ngati nkhosayo ili pomwepo, anainyamula paphewa yosaoneka, amayi n'kuyamba kululuta. Ngakhale a Mhone sanagone.

Atatha, a Mhone anaimirira monga mwa mwambo wathu wolandira alendo. "Tipemphe bambo a Nathan ndi banja lawo aimirire, abusa awaone."

Gertrude anaimirira ndi Linda. Nathan anakwera pabenchi kuti aoneke bwino.

"Banja lokongola," anatero abusa Kathumba akudzikupiza ndi buku la nyimbo. "Ana ndi omwewa, bambo Longwe? Alipo angati?"

Harrison anaponya maso kumbali. Kumanzere kwake, pamzere wa kwaya, kamtsikana kopanda mano kanali katatseka pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka, kuopa kuseka n'kuluza pamapeto penipeni.

"Awiri, abusa."

"Ambuye awonjezere," anatero abusawo, mpingo n'kuwomba m'manja. Temwani anawomba kwambiri kuposa onse. Gertrude anakhala pansi anthu asanamalize.

Pachakudya, kunyumba kwa a Mhone, Harrison anakhala chire kudikira mafunso oopsa aja. Abusa Kathumba anadya nsomba ya batala yowotcha ndi nsima ya kondowole, anapempha nsomba ina, kenako anafunsa ngati Harrison amatha kupalasa njinga pamtunda, chifukwa mipingo ina ili m'mapiri. Anafunsanso ngati angapirire kuika maliro awiri tsiku limodzi. Atasamba m'manja anati, "Koma kamtsikana kopanda mano kaja, koimba ngati belu, n'ka yani?"

"N'ka mlongo wawo wa a Longwe," anafulumira a Mhone.

"Mlongo wanu ndi wodala, bambo."

"Zikomo, abusa," anayankha Harrison, akumwetulira ngati munthu woti nsapato yamuthina.

Madzulo ake Temwani anamwa fanta yake pabwalo, pang'onopang'ono, Nathan akumuyang'ana kukhosi. Chitenje cha madiresi anali atabwera nacho kale, chili pambali pake. Harrison ankavina ndi Linda m'manja, akubwereza ulaliki wonse kwa mkazi wake ngati kuti iye kunalibe.

"Anafunsa za tsiku la ukwati?" anadula Gertrude.

"Ayi."

"Za ine?"

"Anangoti batala wa kuno alibe mnzake."

"Ndiye mwana wagona kwa eni masiku onsewa chifukwa cha funso loti palibe walifunsa."

"Safunsa anadya phula, NyaManda. Bola kusamala."

"Amene sanafunse ndinu. Munamva a Mhone, n'kumeza."

Asanayankhe, a Mhone enieniwo anatulukira pa njinga yawo, nkhope ili gwa. Anakokera Harrison pambali, koma mawu awo ndi oti ngakhale akunong'ona amamveka kugombe.

"Ada, musapupulume. Mlendo wapita, koma yankho silinabwere. Masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo ansanje sagona. Wina akangoimba kuti mwana uja wabwerera m'nyumba, mudzaoneka wabodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Wabodza! Mawu amenewa anamulasa Harrison, pakuti mpaka nthawi imeneyo ankati ndi masewero. Tsopano bodza linafunika kulilera ngati khanda. Anapita kwa Temwani, anagwada kuti alingane naye, n'kuvala nkhope ya chisangalalo.

"Wapambana chigawo choyamba! Tsopano tikulowa chigawo chachiwiri, ngati mpira."

"Chili ndi fanta?"

"Ziwiri."

Temwani anasenzanso chitenje chake. Ulendo uno sanavine, koma anawoloka msewu bwinobwino, atayang'ana uku ndi uku monga anamuphunzitsira bambo ake.

Chigawo chachiwiri chinalibe kukoma, chifukwa munalibe wogwira. Mudzi wonse unali utazolowera. Amayi a usipa, wachigayo, kondakitala, onse ankati bambo a Nathan osaganiza n'komwe. Temwani ankayenda ndi chala chake chokonzeka, koma wolakwitsa osapezeka. Anasiya kukwera pachulu. M'mawa uliwonse popita kusukulu ankaima pamsewu n'kufunsa, "Masewero atha?" Harrison ankayankha ali pakati pa kupukuta nsapato, "Atsala pang'ono!"

Tsiku lina Gertrude anabwera kuchokera kumjigo nkhope itasintha. Anatula ndowa mwamphamvu.

"Mwamva zimene mwana wanu wamwamuna wanena? Temwani anatola mango pansi pa mtengo wathu, Nathan n'kumulanda. Akuti, 'Awa ndi a adada anga, kwanu n'kutsidya.'"

"Ana amatero. Ndimulankhula."

"Mulankhule uti? Wamng'onoyo wangobwereza zomwe anamva m'tchalitchi, anthu akuwomba m'manja. Ine ndikukamutenga mwana wanga lero lomwe."

"NyaManda, chonde. Walira mvula walira matope. Unkafuna ndikhale m'busa kapena ayi?"

"Ndinkafuna. Ndinkapempherera. Koma sindinapemphe m'busa wa ana awiri."

Foni inalira m'thumba la Harrison nthawi yomweyo, ngati kuti inkamvetsera. Anaiyankha ataimirira njo, dzanja lina kumbuyo. "Inde, abusa. Inde. Zikomo, abusa. Ambuye akudalitseni, abusa." Kenako anaponya foni pamphasa, anakuwa mokweza mpaka nkhuku kubalalika, ananyamula Gertrude m'mwamba ndi ukali wake womwe n'kuzungulira naye bwalo. Amutenga! Sukulu ikutsegulira sabata yamawa!

Gertrude anaseka, sakanachitira mwina, misozi ikutsika. Anthu anakhamukira pakhomopo. Wina anabwera ndi ng'oma, asodzi anabwera ndi nsomba, ndipo fumbi linakwera mpaka pamsewu. Pakati pa gule Gertrude anamukoka malaya. "Tsopano mwana abwere." A Mhone, amene ankavina ndi mapewa okha monga mkulu wa mpingo, anamva. "Akangokwera minibasi, ama. Tisataye bwato tili pagombe." Harrison anagwedeza mutu kwa onse awiri, kuvomera uku ndi uku, n'kubwerera m'bwalo.

Ankafunadi kukhala pansi ndi Temwani, kumufotokozera bwinobwino, kumunyamula yekha pomuwolotsa msewu. Ankati mawa. Koma sabata imeneyo inali ya mapemphero otsanzikana, kuyeza thalauza kwa telala, kulandira ufa wa kondowole woti akadye kusukulu, ndi kujambulitsa. Mawa lililonse linkabwera ndi alendo ake.

Tsiku lonyamuka, siteji ya Kande inadzaza ngati kukubwera nduna. Amayi a mpingo anavala yunifolomu. Kwaya inaimba. Asodzi ananyamula sutikesi yake pamutu n'kumaguba nayo ngati asilikali. "Muyende bwino, bambo a Nathan! Mukatipempherere, bambo a Nathan!" Kondakitala anamupatsa mpando wa pakhomo, n'kumakankha ena kuti jekete la abusa lisakwinyike.

Atakhala pansi mpomwe anakumbukira. Anasuzumira pa anthuwo. Gertrude anali pafupi ndi Linda kumsana, Nathan atagwira chitenje chake. Temwani anali kumbuyo, pakati pa ana a oyandikana nawo, atagwira dzanja la Priscilla.

"Temwani!" anaitana Harrison, manja atatambasula, mawu ake onse a paguwa. "Bwera kuno! Masewero atha! Wapambana zonse!"

Anthu anapatuka. Mwanayo anabwera pang'onopang'ono. Sanalowe m'manja mwake. Anaima patali pang'ono, anagwada pafumbi, manja pamodzi, maso pansi.

"Muyende bwino, bambo a Nathan."

Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. "Koma mwana waulemu uyu!" anatero a Mhone. Harrison nayenso anayesa kuseka, koma mwanayo sankaseka, ndipo mapewa ake sankagwedezeka. Anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, anapita kwa mayi ake n'kuwakoka chitenje. Ankaganiza kuti akunong'ona, koma kunong'ona kwa mwana kumamveka ndi aliyense.

"Amama, iwowa akapita, ndibwerere kwathu?"

Nyimbo inaduka pakati. Gertrude anayang'ana mwamuna wake. Harrison, munthu woti amalalikira mpaka mbuzi kuima, anangozolika. Kondakitala, amene anali ndi anthu oti akawatsitse ku Chintheche, anakoka chitseko n'kumenya denga kawiri, ndipo minibasi inanyamuka.